Nsalu Zoyera za Kudenga

4 Malichi

Amayi anga,

Uthenga unandipeza ndili pamakwerero, ndikubwezera mabuku pa shelefu ya pamwamba. Foni italira ndinaona kuti ndi Sizasi, ndipo ndinayamba kuseka ndisanayankhe, poganiza kuti mlongo wangayo wandisungira nthabwala ina ya kuntchito kwake. Sanandipatse moni. Anangoti, "Achemwali, bambo atisiya." Buku limene linali m'manja ndinaliika bwinobwino pamalo pake, n'kutsika, n'kukhala pansi pakati pa mashelefu. Ophunzira za udokotala wa ziweto ankandilambalala mwaulemu, akuganiza kuti ndikufunafuna buku la m'munsi.

Inenso ndayamba kalata popanda moni, mundikhululukire. Muli bwanji, Amayi? Mukudya? Miyendo ija ikukulolani kuyenda? Nanga mlamu wanga, mkazi wa Sizasi, ndi pathupi pake?

Mukudziwa kale chimene chinanditsekereza kuno. Mapepala anga okhalira m'dziko lino ali ku ofesi, ndipo ndikanatuluka asanabwere sakanandilolanso kulowa. Ndinapita kukadandaula, anandimvera chisoni, koma chisoni sichidinda pasipoti. Tsiku la maliro ndinakhala m'chipinda changa nditavala diresi la buluu limene bambo anandisokera ponyamuka, lija anati alisiyira mpata m'chiuno chifukwa kunja anthu amanenepa. Mpatawo ukadalipo.

Pafoni makutu anu amatola theka la mawu, ine n'kulira theka linalo, choncho tiyeni tizilemberana. Ndifotokozereni zonse, musandibisire kanthu pondimvera chisoni. Ine ndinangomva kuti agonekedwa chifukwa cha bala la padzanja, ndipo Sizasi ankati atuluka posachedwa, ayamba kale kuvutitsa anamwino powauza kuti mayunifolomu awo anasokedwa mokhota. Bala la padzanja, Amayi? Telala amene wakhala akudzibaya ndi kudzicheka moyo wake wonse? Ndawerenga mabuku ambiri onena za imfa, koma palibe limene likundithandiza kumvetsa iyiyi.

Ndine mwana wanu,
Kabuku


21 Malichi

Mwana wanga Kabuku,

Moni. Kuno tilipo. Ndikudya pang'ono, miyendo ikundinyamula, ndipo mpongozi wanga ali bwino, kungoti akulakalaka zowawasa zokhazokha. Za maliro usadzizunze nazo. Bambo ako akanakukalipira ukanataya ntchito pobwera kudzawaona atatseka kale maso.

Wati ndisakubisire, ndiye tamvera. Munthu wina anabweretsa tenti kuti aikonze, nsalu yolimba ngati chikopa. Pomasula msoko, lezala linaterereka n'kulowa m'chikhatho. Sanadandaule. Anatuma Sizasi kuti akwere kudenga akatenge nsalu yoyera m'dengu muja, anaikutumula, anang'amba, n'kudzimanga okha, mfundo n'kukoka ndi mano. Pofika madzulo tenti inali itatha.

Dengulo ukulidziwa. Kuyambira tsiku limene Sizasi ali mwana anapukutira mamina pa nsalu ya diresi la mkwatibwi, bambo ako analamula kuti nsalu iliyonse yoyera izikhala pakati pa siling'i ndi malata, kumene mwana, mphaka ndi fumbi la pansi sizifika. Ankati malo aukhondo m'nyumba ndi apamwamba. Msewu wonse unazolowera kuti ukadzicheka umathamangira kwa atelala, iwo n'kukumanga ndi nsalu yoyera kuposa ya kuchipatala, kwinaku akukuseka kuti mpeni suudziwa kagwiridwe kake.

Ulendo uno dzanja linatupa, kenako mkono. Kuchipatala anawasamalira bwino, usamve zonena za anthu. Anayamba ndi mankhwala amene amachiza mabala otere masiku onse, sanagwire. Anasintha, sanagwire. Anasinthanso, thupi likungotenthabe. Adokotala ake, mayi wachikulire wolankhula motsitsa, anandikhazika pansi n'kundiuza kuti tizilombo timene talowa m'balamo ndi tosamva mankhwala, tinawazolowera ngati mbava yodziwa maloko onse. Anatumiza mafinya kukapimidwa kuti adziwe mankhwala amene angagonjetse tizilomboto. Yankho linabwera bambo ako atapita kale. Mankhwalawo analipo, mwana wanga, nthawi ndi imene inatithera. Kumene anatenga tizilombo totero, munthu wosayendayenda, wongokhala pa makina ake, palibe akudziwa.

Analankhula bwinobwino mpaka chakumapeto. Anakutchula, anati usamawerengere mumdima.

Anansi athu a pamwamba aja, mileme, ikadalipo ndipo yachuluka. Dzuwa likamalowa ndimakhala pakhonde kuiyang'ana ikutuluka, monga ankachitira bambo ako. Ankati mumsewu muno ndi okhawo amene sabwera kudzabwereka singano.

Chimene chikundilimbitsa mtima ndi ichi. Asanadzicheke, bambo ako anali kalikiliki kusokera mdzukulu wawo. Matewera, timalaya, tinsalu ta pamchombo, ndi malamba ansalu oti mpongozi wanga adzamange pamimba akadzabereka. Chilichonse anachipinda m'mphepete ndi misoko ing'onoing'ono ija imene ankasungira maukwati okha. Zonse zili m'dengu muja kudenga, zikudikira mwini wake. Mwanayo agogo ake sadzawaona, koma adzavala ntchito ya manja awo.

Ndiuze ngati kumeneko kuzizira kwachepa.

Mayi ako


6 Epulo

Mlongo wanga Sizasi,

Moni, ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga. Ndinakuimbira dzulo, unati uli pamwamba pa mtengo wa magetsi, undiimbira ukatsika. Kapena sunatsikebe.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo si yoseka. Ku laibulale kuno kumabwera mayi wina amene ntchito yake ndi kufufuza za mileme. Tinazolowerana, timamwera limodzi tiyi. Ndinamuwerengera mawu a Amayi onena za anansi a pamwamba kuti aseke, koma sanaseke. Anandipempha kuti ndibwereze pamene pakunena za dengu, kenako anandifunsa ngati lili ndi chivindikiro. Iwe ndi ine tikudziwa kuti lilibe.

Akuti iye ndi anzake akhala akupima zitosi za mileme yokhala m'madenga a anthu, ndipo mu zina amapezamo tizilombo tosamva mankhwala, tonga timene adokotala ananena. Nsalu imene yagweredwa ndi zitosi zotero ikamangidwa pa bala, tizilomboto tapeza khomo. Sakunena kuti n'zimene zinachitikira bambo, koma ine mtima sukukhala m'malo ndikaganiza za mchombo wa khanda ndi thupi la mlamu wanga.

Chonde vala magolovesi, udziphimbe pamphuno, utsitse dengulo, uwotche zonse zili m'menemo, ndi matewera omwe. Pasatsale kansalu ngakhale kamodzi. Amayi usawauze kaye, ndiwalembera ndekha ndikapeza mawu abwino. Undiyankhe msanga.

Mlongo wako,
Kabuku


24 Epulo

Achemwali,

Moni wochokera kwa ife ogona pansi pa mileme. Tili bwino, mlamu wanu mimba yafika poti nsapato ndimamuveka ndine.

Kalata yanu inafika, ndipo ikanafikira kwa ine bwenzi zili bwino. Wopereka makalata anaisiya m'manja mwa Amayi. Ataona kalembedwe kanu sanayang'anenso dzina la pa envelopu, anangoti magalasi awo ali kuchipinda, ndiwerenge ineyo patebulo pomwepo, mlamu wanu ali pompo. Makutu awo mukuwadziwa, ndiye ndinkawerenga mofuula ngati muulutsi wa mpira, mpaka wometa woyandikana nafe uja anazimitsa makina ake kuti amve bwino. Nditafika pa "uwotche" ndinayamba kutsokomola kuti ndidumphe mzere, koma iwo anati, "Werenga zonse, kusukulu unapita." Ndinawerenga zonse, Achemwali, mpaka pamene mukuti Amayi ndisawauze.

Mlamu wanu anadzuka akulira n'kukadzitsekera. Amayi anandituma kuti ndikwere nditsitse dengu. Analilowetsa m'pulasitiki yaikulu, anamanga kukamwa, n'kulitsekera m'kabati ya kuchipinda kwawo. Kiyi ali pakhosi. Chichokereni tsiku limenelo sanatchulepo dengu kapena dzina lanu, ndipo cholembera sakuchikhudza.

Ndikuuzeni zoona monga mlongo wanu. Ife tinanyamula bokosi inu muli kutali. Sindikukunenani, koma munthu amene manda sanawaone asayambe ndi kutumiza moto. Zovala zimenezo bambo ankasoka maso akuwavuta, ulusi ndikuwalowetsera ine pa singano. Ine ntchito yanga ya magetsi ndi ya m'madenga, ndakwawa pa zitosi za mileme m'nyumba za anthu zaka zonsezi, ndipo chimene ndinatengako ndi kuyetsemula basi. Koma ngati mukuti mileme ndi imene inapha bambo, chabwino, ndagula kale mankhwala ofukiza. Ndikapeza tsiku lopuma ndiitsekera momwemo, usatsale ndi umodzi womwe. Mwina pamenepo inu ndi mnzanu wa milemeyo mitima ikhala pansi.

Foni yanu ndimaiona ikamalira. Ndiyankha mkwiyo ukaphwa.

Sizasi


9 Meyi

Amayi anga,

Moni. Ndikufunsa za moyo wanu ngakhale ndikudziwa kuti mwina mawu anga simukuwafuna. Sizasi wandiuza mmene kalata ija inawerengedwera. Ndinkafuna kukutchingirani nkhani yowawa, m'malo mwake ndakupatsani yowawa kawiri.

Mawu oti kuwotcha anali a mantha anga, si a mnzanga wofufuza uja. Nditamufotokozera anandidzudzula. Akuti nsalu ikawiritsidwa mokwanira, kapena ikalowa m'makina a nthunzi amene achipatala amayeretsera zida zawo, tizilombo timafa, kaya timamva mankhwala kaya sitimva. Ntchito ya manja a bambo siyenera kupsa. Chofunika n'chakuti isakhudze mchombo wa mwana kapena bala la munthu isanayeretsedwe. Ndikupempha kuti kansalu kamodzi mupite nako kwa adokotala aja akakapime. Akapeza kuti mulibe kanthu, ndidzasangalala kukhala wolakwa.

Sizasi mumuletse zofukiza zija. Mileme ikafera m'denga idzawolera pamutu panu, ndipo yopulumuka idzabalalikira m'nyumba za anzathu. Komanso mlandu suli wake wokha. Mnzangayo akuti kawirikawiri tizilomboto timaphunzira kukana mankhwala kwa ife anthu, tikamamwa makapusozi osamaliza kapena kuwathira m'madzi a nkhuku. Kuchoka apo timapita m'ngalande ndi kudzala, kumene mileme imamwa madzi ndi kusaka udzudzu. Imangotibwezera zathu zomwe. Njira yabwino akuti ndi kudikira ana ake ayambe kuuluka, kenako madzulo yonse ikatuluka kutseka mipata ndi waya wa sefa, n'kuikhomera bokosi pa mtengo wautali kutali ndi nyumba za anthu.

Bambo sanalakwe, Amayi. Anaika nsalu pamalo amene munthu aliyense wanzeru akanati ndi aukhondo, ndipo anamanga nazo anthu ambiri amene anachira. Ndikatseka maso ndimawaona akutsika makwerero chammbuyo, dengu lili paphewa, akutikalipira kuti tichoke pansipo.

Mundilembere ngakhale mzere umodzi, ngakhale wondikalipira.

Mwana wanu,
Kabuku


12 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino, mpongozi wanga masiku ake akuyandikira. Kuchokera kwa iwe sikunabwerenso kalata, ndiye ndikuona kuti ukuganiza kuti ndinakwiya. M'nyumba muno onse akuganiza chimodzimodzi, akuyenda monyang'ama ngati muli wodwala. Kukwiya ndinakwiya, koma tsiku loyamba lokha.

M'mawa mwake ndinadzitsekera kuchipinda, ndinavala majumbo m'manja, n'kutsegula dengu pawindo. Pongoyang'ana nsalu zinali zoyera mbee. Koma mopindika monse munali tinthu takuda ngati mpunga wopserera, toti ukatifinya timangoyoyoka, ndipo pena panali timadontho tachikasu. Zaka zonsezi bambo ako ankangokutumula, tonse tikuti ndi fumbi la malata.

Kenako ndinatenga thewera limodzi ndi chotsala cha nsalu imene anang'ambako bandeji yawo, ndinamanga m'jumbo, n'kuuza Sizasi kuti ndikupita kukaonetsa miyendo. Adokotala aja anandikumbukira. Ndinkaopa kuti andiseka, nkhalamba yobwera ndi thewera popanda mwana, koma anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti mwana wanga wa kunjayo amagwira ntchito yanji. Nditati amasunga mabuku, anati zikuoneka kuti amawatsegulanso. Atumiza nsaluzo kumene anatumiza mafinya a bambo ako. Akuti yankho limachedwa ndipo sakulonjeza kanthu.

Sindinauze munthu. Sindikufuna kuti msewu wonse uziti atelala ankamanga anthu ndi matenda tisanadziwe zoona zake, ndipo mpongozi wanga sindikufuna kumuopseza ali chonchi. Iye akuganiza kuti ndatsekera dengu pokubisira iweyo, ndipo akundiyang'ana ndi chikondi chimene sindinachigwirire ntchito. Zikhale choncho kaye. Kiyi ali ndi ine, palibe kansalu katuluke.

Mankhwala ofukiza a Sizasi ndawabisa kuseri kwa makina a bambo ako, kumene sayerekeza kuyang'ana. Akufunafuna nyumba yonse, akunamizira wometa. Ine sindikufuna zakufa pamwamba pa mutu wanga.

Unachita bwino kulankhula, ngakhale unalankhula ngati wapolisi. Ndiuze ngati mapepala ako atuluka.

Mayi ako


30 Meyi

Achemwali,

Moni. Pafoni paja munamva nokha kuti mawu anandikanika, ndiye ndikulemba nditakhala pa benchi ya kuchipatala, pepala ndapempha kwa namwino.

Mwana anabwera masiku ake asanakwane, ndipo anabadwa pa opaleshoni. Ndi wamkazi, ali bwino, miyendo yake ndi yaitali ngati yanga, Mulungu amuchitire chifundo. Mlamu wanu anatuluka ali bwinobwino. Koma atakhala kunyumba masiku ochepa thupi linayamba kutentha, akunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Titabwera naye kuno namwino anamuvula, n'kupeza kuti pamimba, pa bala penipeni, wamangapo lamba wansalu wa bambo.

Ndinayang'ana Amayi, Amayi anagwira kiyi wawo pakhosi. Koma lambayo sanachokere m'kabati. Mlamu wanu akuti bambo anamupatsa malamba awiri a m'dengu lomwelo ndi manja awo asanadwale, kuti ayese ngati akumukwana. Tsiku limene ndinawerenga kalata yanu anawabisa pansi pa chikwama chopita nacho kuchipatala, kuopa kuti ndiwawotcha. Bandeji ya kuchipatala itayamba kumatuka, anamanga lambayo osauza munthu. Akuti ankafuna kumva kuti apongozi ake akumusamalirabe.

Bala lafiira ndipo likutuluka mafinya. Fungo lake ndikulidziwa, Achemwali, ndinalimva pa dzanja la bambo. Wodi yake yayang'anizana ndi ija anagonamo bambo. Mwana amubweretsa kuti ayamwe, koma mayi ake akulephera kumunyamula.

Zimene ndinakulemberani zija muzitaye. Funsani mnzanu wa mileme uja ngati pali chimene tingachite, ndipo muziimba, ndiziyankha. Amayi alowa kukalankhula ndi dokotala, andiuza kuti ndikhale pompano ndisawatsatire. Nthabwala zandithera.

Mlongo wanu,
Sizasi


19 Julayi

Mwana wanga Kabuku,

Moni wachimwemwe, woyamba chaka chino. Sizasi anakuuza kale pafoni kuti mlamu wako wapulumuka, koma iye amafotokoza nkhani ngati akuthamangitsidwa ndi galu, ndiye ndikuuze bwinobwino.

Nditamusiya Sizasi pa benchi paja ndinalowa m'wodi n'kupeza dokotala wachinyamata akulemba mankhwala. Ndinasuzumira botolo limene namwino anabweretsa ndipo ndinalizindikira. Linali loyamba limene anawapatsa bambo ako. Ndinamugwira mkono mwana wa eni akeyo n'kunena kuti, "Adokotala, pepani, njira imeneyi ndinayendamo kale ndi amuna anga, ndipo ndikudziwa kumene imathera. Muyambe mwaitana adokotala aakulu, ali ndi nsalu yanga." Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma ndi mwana woleredwa bwino, anaika cholembera pansi n'kupita kukawaitana.

Yankho la nsalu zija linali litangofika kumene. Adokotala analiyerekeza ndi la bambo ako n'kundifotokozera kuti ndi tizilombo ta mtundu umodzi, tokana mankhwala omwewo, togonja ku mankhwala amodzi omwewo. Anati sangalumbire kuti nsalu ndi imene inatenga bambo ako, koma sangadikire kulumbira pamene mayi wa khanda akutentha. Mafinya anatengabe kuti akapimidwe, koma yankho sanalidikire. Mankhwalawo kuno kunalibe, anali ku chipatala chachikulu. Sizasi ananyamuka pa njinga yamoto ya kuntchito, kalata ya adokotala ili m'malaya, ndipo dzuwa lisanalowe diripi inali pamkono.

Masiku oyamba sipanaoneke kusintha. Ndinkangoyang'anitsitsa kufiira kuja ngati kukukwera monga kunakwerera pa dzanja. Sikunakwere. M'mawa wina ndikumupukuta mpongozi wanga kumaso anatsegula maso n'kundifunsa kuti ndani wamuveka mwana thewera chammbuyo. Anali Sizasi. Ndinatuluka panja kukalira, anthu n'kuyamba kundipepesa, ine ndikuwauza kuti ayi, wachira, iwo n'kumapepesabe.

Atatuluka m'chipatala ndinayenda msewu wonse khomo ndi khomo kutolera nsalu zimene bambo ako ankamanga nazo anthu mabala. Ndinkaopa pakamwa pa anthu, koma palibe amene ananyoza. Wosoka nsapato yekha ndi amene anakana, akuti nsalu ya atelala inamuchiritsa chala ndipo sangaipereke. Ndinakhala pa benchi yake n'kumafotokozera aliyense wobwera ndi nsapato nkhani yonse kuyambira pa tenti, mpaka anaitulutsa yekha kuti ndichoke. Tsopano ena akuitana Sizasi kuti akawaonere m'madenga mwawo.

Kalata yako ya pa 9 Meyi inafika zonsezi zitatha, envelopu itadindidwa m'dziko limene sindikudziwa n'komwe kumene lili. Sizasi anaiwerenga yekha, chamumtima ulendo uno. Anachita monga unanenera. Anadikira tiana ta mileme tiyambe kuuluka, anatseka mipata madzulo yonse itatuluka, n'kusesa m'denga atadzikulunga ngati wopita kumwezi. Bokosi anakalikhoma pa mtengo kumapeto kwa msewu, kumene kulibe nyumba. Ina yalowamo, ina yapita kumene ikudziwa yokha.

Nsalu zonse achipatala anatiikira m'makina awo a nthunzi. Zabwerako zosayeranso mbee, koma palibe msoko umene wamasuka, ndipo mwana akuzivala. Mpongozi wanga amafuna kukulembera kuti apepese. Ndamuuza kuti pa nkhani imeneyi aliyense anabisa kanthu chifukwa cha chikondi, ndiye tikayamba kupepesana sitimaliza.

Mapepala ako akatuluka ubwere, usavutike kunyamula kanthu. Upeza shopu ili yotseka ndipo makina ali ovindikira, sindinafike poti wina awagwire. Bambo ako kulibe. Mlamu wako akuyenda mowerama pang'ono koma akuyenda, ndipo mwana akuyamwa ndi kunenepa.

Mayi ako